Lipoti Limene Ndinakana Kusaina

Lamlungu lina alamu anga anali ndi alendo kunyumba kwawo ku Area 47, amayi anzawo a kutchalitchi, ndipo ine ndinafika kudzaona mwana wanga Tadala amene amakhala kumeneko. Ndisanakhale n'komwe pansi, alamuwo anandiloza n'kuuza alendo aja kuti, "Awa ndi alongo awo a bambo a kunyumba kuno. Anali ku Joni, ankagwira timaganyu ta uku ndi uku." Amayi aja anagwedeza mitu mwachisoni, wina mpaka anandiyang'ana kumapazi. Ndinamwetulira chifukwa mwana wanga anali pomwepo atanyamula thireyi ya makapu. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikusamalira makompyuta amene akangotsokomola kampani yonse inkaima, lero zasanduka timaganyu! Chondipweteka koposa chinali chakuti ndinalibe pepala lililonse lowatsutsira.

Za makompyuta ndinaziphunzira kuno ku Lilongwe, kenako ndinagwira zaka zitatu m'sitolo ya mmwenye wina ku Old Town, kukonza malaputopu ndi maprinta kuseri kwa kauntala, pakati pa makatoni a mababu ndi maloko. Bambo ake a Tadala atapita ku Karonga kukagula mpunga wa bizinesi n'kuiwala njira yobwerera, ndinaona kuti kuseri kwa kauntala sindingalerereko mwana. Mnzanga wina wa kukoleji anandilumikiza ndi kakampani ka ku Joni kamene kankaika ndi kusamalira makompyuta akuluakulu otchedwa maseva m'makampani a anthu ena. Tsiku lonyamuka, pa depoti ya mabasi, Tadala anali ndi zaka zinayi ndipo chimene ankalirira chinali chimanga chootcha, osati ine. Achimwene anamunyamula paphewa n'kundiuza kuti, "Pitani mtima uli m'malo, mlongo wanga. Mwanayu ndi wathu." Nthawi imeneyo ankakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri ku Kawale, alamu akugulitsa kaunjika mumsika, ndipo Area 47 ankangoidutsa pa minibasi.

Nditafika, bwana wa kampaniyo anandipatsa kontirakiti yolembedwa kuti ndine wothandizira wamba. Ndinamufunsa kuti ngati akufuna wosesa, wanditengera chiyani kutali konseko. Anaseka. Anati pepala ndi pepala, pemiti yogwirira ntchito imatuluka msanga ikalembedwa choncho, ndipo tsiku limene ndidzafune kuchoka adzandilembera kalata yonena ntchito yeniyeni imene ndinkagwira. Ndinasaina. Munthu amene wayenda masiku awiri pa basi, miyendo itatupa, amasaina chilichonse. Bwana ameneyu tinkamutchula Pompopompo, chifukwa kwa iye chinthu chilichonse chinkafunika dzulo. Sankatha kusiyanitsa chingwe cha netiweki ndi cha ketulo, koma akayamba kulankhula ndi makasitomala, lilime lake linali la shuga.

Ndinkagona m'nyumba ya nsanjika pakati pa tauni, pansanjika yachisanu ndi chinayi, chikepe chitafa kalekale. Chipinda chimodzi tinachigawa ndi makatani anthu anayi: ine, amayi awiri a ku Zimbabwe ophika m'malesitilanti, ndi mayi wina wa ku Mozambique woluka tsitsi. Kuzizira kwa mwezi wa Juni kumeneko, kwa ku Dedza n'kwamasewera. Mphekesera zikamveka kuti anthu ayambanso kusaka alendo m'misewu, tinkakankhira bedi pachitseko, ndipo m'mawa ndinkakwera takisi osatsegula pakamwa kuopa kuti lilime lingandigulitse. Kwathu ndinkatumiza zimene ndikanatha, nthawi zina pa foni, nthawi zina katundu pa basi: nsapato za sukulu, mabulangete, mpaka firiji imene lero ili m'khitchini mwa alamu anga, ngakhale iwo sakumbukira kuti inachokera kuti.

Amene anandipanga kukhala munthu pantchitopo ndi a Mwale, bambo wa kwathu konkuno, wa cha ku Mitundu. Iwo anapita ku Joni ine ndili kupulayimale. Anayamba ndi kukwawa m'masiling'i kukoka zingwe, ndipo zina zonse anaziphunzira poyang'anitsitsa ndi kufunsa. Pofika nthawi yanga panalibe seva ya kampaniyo imene sinadutse m'manja mwawo, koma nawonso pepala lawo linkati wothandizira wamba. Ankayenda ndi pensulo kukhutu, kabuku m'thumba la shati, ndi mtedza wokazinga m'thumba la jekete, umene ankandigawira ndikayamba kulusa. Ndiye ndinaudya wambiri mtedzawo. Tsiku loyamba lomwe anandipatsa dzina. "Injiniya," anatero, "bwerani mudzaone ana anga amapasa."

Amapasawo anali maseva awiri. Seva ndi kompyuta yaikulu imene imasunga mafayilo a kampani yonse, ndipo anthu m'maofesi amaifikira kudzera pa netiweki. Kampani imene siifuna kuti ntchito iime imagula awiri n'kuwalumikiza, kuti imodzi ikafa inzake inyamule katundu nthawi yomweyo, anthu osazindikira n'komwe. Zimenezi timati kilasita. Mafayilo sakhala m'mimba mwa seva, amakhala m'bokosi la madisiki lapakati limene maseva onse awiri amaliona, koma yogwira madisikiwo pa nthawi imodzi imakhala imodzi yokha. Onse awiri akalembapo limodzi, mafayilo amasanduka phala. N'chifukwa chake pamakhalanso kadisiki kakang'ono kotchedwa mboni, kamene kamagamula kuti mwini zinthu ndi ndani amapasawo akasiya kumvana. A Mwale ankakakonda kadisiki kameneka, ankati ndi ankhoswe.

Zamadisikizo ndinazigwira msanga. Ntchito yodya mutu inali ya zilolezo. Foda iliyonse imayenera kudziwa kuti wolowa ndani, wongowerenga ndani, wololedwa kusintha ndi kufufuta ndani. Pali zilolezo za pakhomo, zimene zimakulola kuifikira foda pa netiweki, ndiye palinso za mkati, zimene zimanena zoti ungachite ndi fayilo iliyonse. Ukasokoneza pang'ono, wapageti amawerenga makalata a bwana, kapena bwana amakanizidwa makalata ake omwe. Lamulo la a Mwale linali lakuti zilolezo uzipereka kwa magulu a anthu olembedwa m'kaundula wamkulu wa kampani, amene maseva onse awiri amamudziwa, osati kwa magulu opangira m'seva imodzi yokha. Gulu lopangira m'seva yoyamba, yachiwiri siilidziwa ngakhale mutalipatsa dzina lofanana. Ndipo ukamaliza zonse, uzizimitsa seva yoyamba ndi chala chako, masanasana anthu ali pantchito, n'kupita kukaima kumbuyo kwa kalaliki kuona ngati foda yake ikutsegukabe.

"Kilasita imene simunaizimitsepo, Injiniya, ndi mphekesera chabe," ankatero.

Zaka zinapita choncho. Tinaika amapasa m'maofesi a maloya, m'fakitale ya matumba, m'nyumba zosungira katundu, ife awiri m'zipinda zozizira ngati mochale, zala zitauma. Makasitomala akabwera kudzaona ntchito yomalizidwa, Pompopompo ankavala jekete n'kukaima kutsogolo kwa kabati ya maseva kuti amujambule, ife n'kutituma kukataya makatoni. Tsiku lina ndinamumva akufotokozera mzimayi wina za kadisiki ka mboni ndi mawu omwe ndinamuuza m'galimoto m'mawa womwewo, mpaka ndi nthabwala ya ankhoswe yomwe, ataitembenuzira m'Chingerezi. Ndinatsala pang'ono kumugenda ndi sikuludiraiva. A Mwale anangotulutsa mtedza.

Masana tinkadya pa masitepe a kuseri, tikulankhula Chichewa mpaka kukhuta. Iwo ankakamba za mvula ya ku Mitundu ndi munda wawo wa fodya umene abale anali atayamba kale kuudula m'mbali, ine ndinkakamba za Tadala. Ndikamuimbira pa foni yoonana, a Mwale ankasuzumira kumbuyo kwanga n'kumufunsa kuti mano apita kuti, iye n'kuseka ndi zigwelu. Pafoni pomwepo ndi pamene ndinaonera zinthu zikusintha. Achimwene anakwezedwa pantchito, khoma la kumbuyo kwa mwana linasintha mtundu, anali atasamukira ku Area 47. Kenako tsiku lina ndinamva Tadala akuitana alamu anga kuti, "Mami, bwerani, amayi a ku Joni aimba!" Ndinangopitiriza kumufunsa za kusukulu.

M'chaka changa chachisanu ndi chimodzi tinapeza ntchito pa kampani ina yaikulu ya malole onyamula katundu. Lole iliyonse isanatuluke pageti, kalaliki ankayenera kutsegula foda, kusindikiza mapepala a katundu n'kupatsa dalaivala. Madisiki tinawakonza m'masiku atatu, mboni ili m'malo, zonse zili bwinobwino. Tinakakamira pa zilolezo. Kaundula wamkulu wa kampaniyo ankasungidwa ndi anthu ena a kulikulu lawo, ndipo iwo anati magulu amene tikupempha adzatipangira pakatha milungu iwiri. Pompopompo anali atalonjeza kale eni malole kuti Lachisanu zonse zikhala zitatha.

"Pangani magulu anu m'seva yoyambayo, anthu ayambe ntchito," anatiuza. "Zinazo tidzakonza."

"Bwana, yoyamba ikadzafa, yachiwiri siidzadziwa munthu aliyense," anatero a Mwale mofatsa.

"Seva yatsopano ife chifukwa chiyani? Yangotuluka kumene m'katoni."

"Nanga anagula awiri chifukwa chiyani?" ndinalowerera ine.

Anandiyang'ana ngati akundiona koyamba. Ndinamuuza kuti ngati akufuna tichite zimenezo, atilembere pa imelo. Iye anandifunsa kuti pemiti yanga ikutha liti, n'kutuluka. Funso limenelo aliyense amene anagwirapo ntchito kunja amalidziwa, silifuna yankho. Tinakhala pansi n'kupanga magulu aja m'seva yoyamba, theka a Mwale, theka ine ndi zala zangazi. Titapempha kuti tiyese kuzimitsa, Pompopompo anakana, anati eni malole sangalole kuti ntchito iime ngakhale mphindi zisanu. Lachisanu anavala jekete. A Mwale analemba zonse m'kabuku kawo, koma kabuku ka wothandizira wamba amakawerenga ndani?

Milungu iwiri itatha a kulikulu aja anatipangiradi magulu. A Mwale anapempha katatu kuti atipatse tsiku limodzi tibwerere tikakonze. Katatu konse Pompopompo anatitumiza kwina, ati ntchito yoperekedwa kale siiyang'anidwa kumbuyo.

Lolemba lina m'mawa, patatha miyezi iwiri, magetsi anathima n'kubweranso mwaukali, ndipo seva yoyamba inapsa mbali yolandirira magetsi. Yachiwiri inachita ndendende zimene tinaiphunzitsa. Mboni inagamula, madisiki anasamukira kwa iyo, timagetsi tonse tobiriwira. Koma kalaliki aliyense akagogoda pa foda yake, inkamukana. Mafayilo onse analipo, osasowa ngakhale limodzi, koma panalibe wololedwa kuwakhudza. Tikufika pamalopo, malole anali atandanda kuyambira pageti mpaka kumsewu waukulu, madalaivala akuliza mahutala, ena atanyamula zakudya zosachedwa kuwonongeka dzuwa likuswa mtengo. Manijala wa pamalopo ankatitsata m'mbuyo akukalipa, ndipo foni ya Pompopompo inali yozima.

Tinakhala pansi pa simenti m'chipinda chozizira chija, aliyense laputopu pamiyendo. Ntchito inali yolanda umwini wa foda iliyonse, kuchotsa magulu amene seva yachiwiri sinkawadziwa, n'kupereka zilolezo kwa magulu enieni a m'kaundula. A Mwale anafuna kuyambira pamwamba monga mwa dongosolo, koma ine ndinati ayi, tiyambe ndi foda ya mapepala a pageti, malole ayambe kuyenda, za mabwana zidikire. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwaona? Injiniya." Mafayilo anali ochuluka ngati mchenga, kamzere kosonyeza ntchito kakuyenda ngati bilimankhwe. Lole yoyamba inatuluka cha m'ma thu koloko, madalaivala anaimba m'manja, ndipo tinamaliza zonse dzuwa likulowa. Tsiku lonselo a Mwale sananene n'kamodzi komwe kuti, "Ndinanena ine." Ndinawanenera ndine, mokweza, Pompopompo atatulukira madzulo ndi jekete lake.

Lachitatu a Mwale sanabwere kuntchito, foni yawo inali yozima. Lachinayi Pompopompo anandiitanira mu ofesi mwake n'kundipatsa mpando, chinthu chimene anali asanachitepo. Patebulo panali zinthu ziwiri. Choyamba chinali lipoti lopita kwa eni malole, masamba awiri omata pakona, lonena kuti a Mwale anapanga magulu aja mwa nzeru zawo bwana osadziwa, ndipo ananama kuti kilasita anaiyesa. Pansi pa tsamba loyamba panali mzere wa dzina langa. Chachiwiri chinali kalata ija. Ndinaiwerenga kawiri. Inali ndi chidindo cha kampani, dzina langa lonse lolembedwa molondola, ndi mawu akuti ndagwira zaka zisanu ndi chimodzi monga injiniya wa maseva, waluso ndi wokhulupirika. Chinkasowa ndi siginecha yake yokha.

"Eni malole akufuna lipoti losainidwa ndi anthu awiri," anatero. "Iwe saina apa, ine ndisaina kalata yakoyi, pemiti tiikonzanso, nkhani yatha."

Ndinaganiza kuti munthu wachiwiriyo ndi iyeyo. Sindinama, dzanja linandiyabwa. Ndinaona ofesi ku City Centre, ndinaona nyumba ya zipinda ziwiri, ndinaona Tadala akudzuka m'mawa n'kunditchula amayi popanda kuwonjezera za ku Joni. Kenako ndinaona a Mwale atakhala pa simenti, maondo akuwawawa, akukonza zimene anachenjeza.

"Munanena ndinu, ndi pakamwa panu, ine ndilipo," ndinamuuza. "Theka la magulu amenewo ndinalemba ndine. Munthu wakugwirirani ntchito mpaka imvi, lero mukumupachika mlandu wanu? Manyazi mulibe?"

Lipoti lija ndinamugenda nalo, linakagwera kuseri kwa tebulo. Iye sanakweze mawu. Anatenga kalata ija, anaibwezera m'dilowa n'kutseka. Anati pemiti yanga ikatha ndione msewu. Loweruka ndinapita kumene a Mwale ankakhala, mwini nyumba anandiuza kuti analongedza n'kukwera basi. Patatha milungu isanu ndi umodzi nanenso ndinakwera, ndili ndi chikwama chimodzi cha zovala ndi china cha zipangizo. Njira yonse, ngakhale ndinkalira, ndinkadziona ngati munthu. Ndinkati kalata ndataya, koma dzina la madala aja sindinaligulitse.

Kuno ndinapeza kachipinda ku Mchesi ndi katebulo pakhonde la sitolo ina ku Old Town, pafupi ndi msika, pamene ndimakonzera malaputopu ndi mafoni mpaka lero. Ku City Centre ndakwera masitepe a maofesi osawerengeka. Pa ofesi ina bambo wina wa tayi anandifunsa mafunso a kilasita akuwerenga papepala. Ndinamuyankha onse, n'kumukonzeranso funso lina limene linalembedwa molakwika. Anandiyang'ana mwaulemu ndithu, kenako anatsegula mapepala anga.

"Madamu, zinthu mukuzidziwa, koma apa palembedwa wothandizira wamba. Refarensi muli nayo? Mabwana athu amayendera mapepala."

Ndinatsika masitepe ndikutukwana chamumtima. Nditapita kwa achimwene kukanena zoti ndimutenge mwana, anandilandira pabalaza atakhala pa sofa, rimoti ili m'manja.

"Sisi, tiyeni tikhale siriyasi," anatero. "Mwana ali pa sukulu yabwino, ali ndi rumu yakeyake. Mukapeza ntchito ya mu ofesi ndi nyumba yooneka, mudzamutenga. Osati ku Mchesi, kuseri kwa malaputopu akufa."

Mwana wathu uja anali atasanduka wawo, ndipo ine ndinapatsidwa Lamlungu lokha lokamuona.

Tsono Lamlungu la timaganyu lija sindinadikire n'komwe tiyi. Tadala anatumidwa kuti andiperekeze, ndipo chifukwa cha ukali ndinaphonya njira ya ku siteji n'kulowa msewu wina wa mipanda ya njerwa. Tikudutsa geti lina lakuda, mawu anachokera m'kanyumba ka mlonda.

"Injiniya!"

Ndinaima ngati ndaponda msomali. Anatuluka atavala yunifolomu ya buluu yowakulira, chibonga chili m'manja, pensulo ili kukhutu. Munthu amene maseva a makampani ankamumvera, lero akutsegulira geti galimoto za ana a sukulu! Tinagwirana manja osafuna kusiyana. Atamuona Tadala, a Mwale anaseka.

"Ndiye Tadala ameneyu? Aa, mano anamera!"

Mwana anagwada pang'ono mwamanyazi n'kupereka moni. Ine sindinachedwe, nkhani ija ndinali nditaisunga nthawi yaitali. Ndinawafotokozera za mpando, za lipoti, za kalata, ndi mmene ndinamugendera Pompopompo. Ndinkayembekezera kuti aseka, mwina andithokoza. Nkhope yawo inagwa.

"Simunasaine?"

"Ndisaine bodza, a Mwale?"

"Ndiye kalata sanakupatseni?"

"Anaibwezera m'dilowa."

Anakhala pa kampando kawo n'kuvula chipewa. "Tsamba lachiwiri munaliona?"

Ndinati sindinatembenuze n'komwe.

"Dzina langa linali pamenepo," anatero. "Ndinasaina Lachiwiri, ndekha, popanda wondigwira dzanja. Munthu uja ankafuna kutichotsa tonse awiri. Ndinamuuza kuti mlandu ndausenza ine, koma mwanayu mumupatse kalata yake ndi pemiti. Ine ndinali nditatopa kale, maso atayamba chifunga. Iwe unali ndi mwana."

"Nanga bwanji osandiuza?"

"Ndikanakuuza ukanalola? Foni ndinazimitsa dala. Ndinkati ukaona dzina langa uzindikira wekha."

Ndinawakalipira, bambo wamkulu ngati ameneyo, pamsewu, mpaka agalu a m'mipanda anayamba kuuwa. "Munandiphunzitsa ndinu kuti chinthu chosayesa ndi mphekesera! Ndiye moyo wanga wonse munausiya pa tsamba lachiwiri, osayesa n'komwe ngati nditembenuza? Mtedza wonse uja munkandipatsa, simunkadziwa kuti ndine wotani?"

Anapukusa mutu. "Pamenepo ndiye ndinalakwa, mwana wanga. Sindinayese."

Tadala, amene nthawi yonseyi ankangotiyang'ana, anandikoka chitenje.

"Amayi a ku Joni, bwanji agogowa akukutchulani injiniya? Mami amati munkachapa zovala za anthu."

Ndisanatsegule pakamwa, a Mwale anaimirira n'kuvala chipewa chawo. "Tamvera, Tadala. Amayi akowa anatulutsa mzere wa malole wautali kuposa msewu uno, tsiku limodzi, atakhala pansi pa simenti. Ine ndinalipo, ndinaona ndi maso angawa. Ndipo si a ku Joni ayi. Ndi amayi ako."

Mwana anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kuchokera pageti paja mpaka ku siteji anandigwira dzanja, chinthu chimene anali asanachitepo chibwerereni. Umboni wanga wonse wa zaka zisanu ndi chimodzi ndi umenewo, mawu a mlonda wa pageti, ndipo ku City Centre sangaulandire. Minibasi ya ku Old Town itafika, Tadala anasiya dzanja langa n'kubwerera kukatsuka makapu a alendo.

Ndakhala ndikudzifunsa ngati ndikanasaina ndikanatembenuza tsamba lija. Ndikanasaina, bodza lomwelo, ndipo bwenzi mwana wanga akugona kwanga. Ndikaganiza zimenezo ndimadzikwiyira, ndimawakwiyiranso a Mwale, ngakhale Lamlungu lililonse ndimawatengera mtedza wa mumsika. Koma ukali weniweni ndimausungira munthu amene anatiika pa zimenezo, amene mpaka lero akuimabe kutsogolo kwa maseva athu, atavala jekete.